Pulinta Ikuitanabe Dzina Lakale

Usiku wa Lachiwiri ku Zingwangwa,
chiperoni chikunyambita malata.
Kalata yanga yofunsira ntchito yaima pa laputopu
ngati mlendo amene wavula kale nsapato
koma palibe womuuza kuti lowani.

Ndadina kuti isindikize. Zii.
Ndadinanso. Pakona patuluka kabokosi:
pulinta sikupezeka.
Sikupezeka bwanji, poti nayi pakabati,
pakati pa wailesi yakufa ndi botolo la mafuta odzola,
ikuphethira kadiso kake kabuluu?

Ndayamba ndi zomwe aliyense amayamba nazo.
Kuzimitsa, kuwerenga mpaka makumi atatu, kuyatsa.
Rauta nayo ndaizula pakhoma,
ndaipukuta ndi mpendero wa chitenje
ngati kuti fumbi ndilo laitseka makutu.
Timagetsi take tabwerera kamodzikamodzi.
Foni yanga yagwira. Laputopu yagwira.
Ngakhale foni yosweka galasi ya Lonjezo
yalira kuchipinda kuti nayonso yagwira.
Pulinta yokha, phethiphethi.

Ndaimbira a Chimbalanga, okonza makompyuta ku Ginnery Corner.
Ayankha akutafuna.
Akuti, Mayi, magetsi anazimako lero?
Ndati, Bambo, limenelo ndi funso mu Blantyre muno?
Aseka. Akuti magetsi akabwera
rauta imagawanso manambala mwatsopano,
ngati kondakitala wosuntha anthu m'mipando,
ndiye laputopu imagogoda pakhomo
pomwe pulinta inasamukapo kale.
Ichotseni, akutero, muisakenso.
Ndaichotsa. Ndaisaka.
Kagudumu kazungulira, kazungulira, katopa.
Mayunitsi andithera a Chimbalanga ali pakati pa mawu.

Ndainyamula, yolemera ngati mwana wogona,
ndaikhazika pampando moyang'anana ndi rauta,
mwina khoma la njerwa zootcha ndilo likuwadanitsa.
Ayi ndithu.

Kenako Lonjezo watuluka, bulangete kumutu,
wagwada pasimenti, wadina timabatani ndi chala chimodzi
mpaka pulinta yalavula pepala la zamumtima mwake.
Wawerenga. Wandipatsa osandiyang'ana.
Pamzere wachitatu pali dzina la netiweki
yomwe yakhala ikufunafuna:
GasteniNdiNdazi.

Ndinalisintha Loweruka dzina limenelo,
tsiku lomwe ndinapinda majekete ake omaliza
n'kuwapereka kwa mphwake pageti.
Foni ndinaiuza. Laputopu ndinaiuza.
Achemwali anga ku Bangwe ndinawauza,
ngakhale amayi ogulitsa makala pakona akudziwa.
Pulinta sindinaiuze.
Masiku atatu yakhala pakabati apo
ikuitana nyumba yomwe kulibenso,
osatopa, osafunsa munthu.

Amayi, pasiwedi yatsopano?
Ndamuuza motsitsa mawu.
Kagalasi kake n'kakang'ono ngati bokosi la machesi,
chilembo chilichonse umachifikira wapansi,
kuchokera pa A, kudina, kudina, mpaka uchipeze.
Walakwitsa kawiri. Watukwana chamumtima, ndamumva.
Kachitatu kadiso kaja kasiya kuphethira,
kangoti tong'o, kuyang'ana ife.

Tabwezera pulinta pa laputopu.
Yatsokomola, yadzikoka m'mimba, yameza pepala.
Kalata yatuluka yofunda ngati buledi wa m'mawa.
Ndisanailandire bwino, ina yatuluka,
inanso, inanso,
laputopu inasunga kudina kwanga konse,
mkwiyo uliwonse ndi pepala lake.
Lonjezo akuseka mpaka bulangete lagwa.

Makalata asanu ndi limodzi pasimenti,
lililonse likuyamba chimodzimodzi:
Ine, Ndaziona Mpinganjira,
dzina la bambo anga, lomwe ndinalisiya zaka khumi ndi zisanu.
Inki ikuchepa tsamba ndi tsamba,
lomaliza ndi mzukwa chabe wa zilembo.

Ndasankha loyamba, lakuda bii,
ndaliika mu envulopu yakhaki pansi pa Baibulo kuti lisapindike.
Minibasi za ku Limbe zimadzadza msanga.
Lonjezo wabwerera kukagona.
Pulinta ndaisiya pampando pomwepo, yoyaka,
sindikufuna kuiyesanso usiku uno.